Mnzanu Akulekerera Akangaude Ake Oweta? Nazi Zoyenera Kuchita Mwandondomeko

Kangaude woweta sadandaula. Galu akamva ludzu amalira, mphaka amakutsatirani paliponse mpaka mumupatse chakudya, koma tarantula, kangaude wamkulu waubweya amene anthu amaweta, amangokhala phee pakona ya bokosi lake mpaka tsiku limene mwiniwake adzamupeze atafa. N'chifukwa chake anthu ambiri amene amazunza tinyama timeneti sadziwa n'komwe kuti akutizunza. Ngati muli ndi mnzanu amene amaweta akangaude ndipo mtima wanu sukukhazikika ndi mmene akuwasungira, musangoyang'anira. Koma musathamangirenso kukamukalipira. Cholinga chanu n'chakuti kangaudeyo akhale ndi moyo, ndipo zimenezi zingatheke pokhapokha mwiniwake atakumverani.

1. Yambani ndi kudziwa mtundu wa kangaude

Mitundu ya atarantula imaposa 1,000, ndipo chimene chimapatsa wina moyo chimapha mnzake. Ena amakhala pansi, ena amakumba una n'kumakhala momwemo miyezi yathunthu, ena amakhala m'mitengo. Grammostola rosea, wochokera ku Chile, amafuna dothi louma ndipo likanyowa amakwera pagalasi kulithawa. Theraphosa blondi, chimphona cha m'nkhalango za ku South America, amafuna dothi lachinyontho. Avicularia amakhala m'mitengo ndipo chimene chimamupha kawirikawiri ndi bokosi lonyowa lopanda mpweya woyenda.

Choncho funsani mnzanuyo dzina la kangaude aliyense, dzina lasayansi, osati lamalonda chabe. Yankho lake likuuzani zambiri. Munthu amene sadziwa mtundu wa nyama imene akuweta ndiye kuti akuisunga mongoganizira.

2. Siyanitsani zoopsa zenizeni ndi zongooneka ngati zoopsa

Apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa, ndipo mukalakwitsa pano mnzanu sadzakumveraninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali zinthu zingapo zimene zimachititsa mantha mlendo koma zilibe vuto.

Kangaude wogona chagada, miyendo ili m'mwamba, nthawi zambiri sanafe. Akufundula. Tarantula sangakule popanda kuvula chikopa chake cholimba chakunja, ndipo ambiri amavula atagona chagada, kawirikawiri pa kamphasa ka ulusi kamene aluka okha. Wamng'ono amatha msanga, wamkulu amatenga maola ambiri. Nthawi imeneyi musamukhudze, musamutembenuze, musamuwaze madzi, musagwedeze bokosi. Akangaude ambiri atayidwa ali amoyo chifukwa eni ake ankaganiza kuti afa.

Kukana chakudya nakonso si umboni wa nkhanza. Akayandikira kufundula amasiya kudya, amafooka, khungu limazilala, ndipo ena kadazi ka pamimba kamada bii. Ena amatseka khomo la una wawo ndi dothi kapena ulusi. Wa ku Chile uja amatha kukhala miyezi ingapo osadya ali bwinobwino. Wamwamuna akakhwima amaonda, miyendo imatalika, amangoyendayenda kufunafuna wamkazi ndipo sasamala za chakudya. Ameneyo masiku ake atsala ochepa ngakhale atasamalidwa chotani, chifukwa amuna ambiri sakhalitsa akafundula komaliza, pamene akazi a mitundu ngati Brachypelma amatha kupitirira zaka 20.

Bokosi laling'ono nalonso lisakudetseni nkhawa msanga. Tarantula sayenda mtunda ngati galu. Mwana wa kangaude amakula bwino m'kabotolo kakang'ono koboola, mmene angapeze chakudya chake mosavuta.

Tsono zoopsa zenizeni ndi izi. Kangaude ali chafufumimba monga mwa nthawi zonse koma miyendo yapindikira pansi pa thupi ngati dzanja lofumbata. Ichi n'chizindikiro chakuti ali pafupi kufa, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi kusowa madzi. Kangaude amapinda miyendo ndi minofu, koma poitambasula amadalira kukankha kwa madzi a m'thupi mwake. Madziwo akachepa, miyendo imangopindika yokha. Yang'ananinso mimba, chigawo chakumbuyo chija. Ikakhala yofota, yamakwinya, yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi chigawo chakutsogolo, kangaudeyo ali ndi ludzu kapena njala yeniyeni. Madzi oyererako otuluka pathupi ndi magazi ake, ndiye kuti wavulala. Zoyera zomata pakamwa zikhoza kukhala tinyongolotsi. Kuyenda modzandira, miyendo ikunjenjemera mosalamulirika, n'chizindikiro china choipa, ndipo mukachiona ganizirani za mankhwala ophera tizilombo amene apoperedwa m'nyumbamo.

3. Liyang'aneni bokosi modekha

Mukapita kukacheza, pemphani kuti akuonetseni akangaude ake. Aliyense woweta amakonda kuonetsa. Musagogode galasi. Ingoyang'anani.

Choyamba, madzi. Muli kambale ka madzi? Muli madzi oyera, kapena mwauma, kapena mwadzaza dothi ndi nkhululu yakufa? Ena amaikamo siponji kapena thonje poopa kuti kangaude amira. Zimenezi n'zosafunika ndipo zimangosunga tizilombo ndi chuku. Tarantula amamwa madzi enieni m'kambale kosaya, basi.

Chachiwiri, kutalika kwa bokosi. Ichi ndi chimene ine chimandiopsa kwambiri chifukwa sichioneka ngati vuto. Munthu amagula bokosi lalitali lagalasi, lokongola, n'kuthiramo dothi pang'ono pansi, n'kuikamo kangaude wonenepa wokhala pansi. Usiku kangaude amakwera galasi, amafika pamwamba, n'kuterereka. Mimba yake ndi yofewa, ikagunda mwala kapena m'mphepete mwa kambale imang'ambika, ndipo bala lalikulu la pamimba kawirikawiri silipola. Oweta odziwa amaonetsetsa kuti mpata wochokera padothi kufika pachivindikiro usapitirire kwambiri kutambasuka kwa miyendo ya kangaudeyo kamodzi ndi theka. Chivindikiro cha sefa wa waya nachonso n'choopsa, chifukwa tizikhadabo ta kumapazi timakodwa m'mawayamo, kangaude n'kumalendewera mpaka mwendo kuthothoka kapena iye kugwa.

Chachitatu, pansi pali chiyani? Miyala, mchenga wokhawokha ndi zipalapala za mitengo yonunkhira ngati paini siziyenera. Choyenera ndi dothi lopanda feteleza kapena mankhwala, kapena ufa wa makoko a kokonati. Wokumba una amafuna dothi lakuya. Aliyense amafuna pobisala, kaya khungwa la mtengo kapena theka la kamphika ka maluwa. Kangaude wopanda pobisala amakhala atadzikunga, maondo ataphimba maso, tsiku lonse.

Kenako onani pamene bokosilo lili. Pawindo pofika dzuwa ndi pamalo pa imfa, chifukwa galasi limasunga kutentha ndipo kangaude alibe kothawira. Chotenthetsera choyala pansi pa bokosi n'choipanso: kangaude akamva kutentha nzeru yake imamuuza kukumba pansi kuti akapeze pozizira, ndiye amangoyandikira moto womwewo. Mitundu yambiri imakhala bwino pa madigiri a pakati pa 20 ndi 27, kutentha kumene munthu amakhala bwino atavala malaya wamba.

Onaninso ngati muli nkhululu kapena mphemvu zamoyo zimene zangosiyidwa kuti ziziyendayenda, zotsala za chakudya zochita chuku, madontho a madzi oyenderera pagalasi, ndiponso ngati chivindikiro chimatsekeka zolimba. Tarantula ali ndi mphamvu zokankha chivindikiro chongosanjika. Ndipo mukapeza akangaude awiri m'bokosi limodzi, dziwani kuti posachedwa mukhala mmodzi wonenepa. Pafupifupi mitundu yonse imadyana. Pali wina, Monocentropus balfouri wa pachilumba cha Socotra cha dziko la Yemen, amene oweta ena amamusunga m'magulu, koma chimenecho si chifukwa choyesera ndi mitundu ina.

4. Sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu, osati zonse

Mwina mwapeza zolakwika khumi. Musazikhuthule zonse tsiku limodzi. Ikani patsogolo zimene zingaphe sabata ino: kusowa madzi, dzuwa kapena chotenthetsera, mpata wogwera, chakudya chamoyo pafupi ndi kangaude wofundula, awiri m'bokosi limodzi, chivindikiro chosatseka. Zina monga mtundu wa dothi zikhoza kudikira.

5. Lankhulani naye muli awiri

Osati pagulu, osati pa WhatsApp pamene anzanu ena akuwerenga, ndipo osati pomujambulira bokosi lake n'kuliika pa Facebook kuti anthu amunyoze. Munthu wochititsidwa manyazi amateteza ulemu wake, osati kangaude.

Kumbukiraninso kuti ambiri sachita dala. Anauzidwa zolakwika ndi wogulitsa, kapena anaonera mavidiyo a anthu oyendetsa akangaude pankhope. Ena anayamba bwino koma akangaude anachuluka, chifukwa ana a tarantula ndi aang'ono ndipo n'zosavuta kumangowonjezera mpaka shelefu kudzaza. Ena moyo wawalemera. Munthu amene kale ankasamala bwino ndiye lero wasiya kuthira madzi, mbale zake nazonso zili mbwee, foni sakuyankha, mwina vuto lake ndi lalikulu kuposa akangaude. Mukaona choncho, yambani ndi kufunsa za iyeyo.

Yambani ndi funso, osati chiweruzo. Mukhoza kunena kuti: "Aise, uyu mimba yake ikuoneka yofota, wamwa liti madzi?" Kapena: "Ndimawerenga kuti awa okhala pansi akagwa kuchokera pamwamba amaphulika mimba. Bwanji tiwonjezere dothi, ndikuthandiza." Nenani chimene mwaona ndi chifukwa chake chili choopsa, ndipo bwerani ndi chothandizira m'manja. Mawu akuti "ukuzunza nyama" asungeni, chifukwa akangotuluka kukambirana kwatha.

Akakuyankhani kuti "wakhala chonchi chaka chathunthu osafa," musapse mtima. Muyankheni kuti tarantula thupi lake limayenda pang'onopang'ono, ndipo amafanso pang'onopang'ono. Kupirira si umboni wakuti ali bwino. Akanena kuti "ndi kachilombo chabe," musayambe mtsutso wautali wa mmene kangaude amamvera ululu. Mukumbutseni kuti kangaudeyo sanadziike yekha m'bokosi, ndipo amene anatseka chivindikiro ndiye mvula yake, mthunzi wake ndi chakudya chake.

6. Konzani zofulumira tsiku lomwelo

Akavomera, musadikire mawa. Tsukani kambale ndi madzi otentha opanda sopo, dzazani madzi. Sunthani bokosi kulichotsa pawindo. Zimitsani chotenthetsera. Tolani ndi chopanira chachitali nkhululu zonse zamoyo ndi zotsala zowola.

Ngati kangaude wapinda miyendo chifukwa cha ludzu, musamupatse chakudya. Ndi kabulashi kofewa musunthireni pang'onopang'ono kuti pakamwa pake pakhudze madzi a m'kambale kosaya, koma mimba ikhale kunja kwa madzi, chifukwa mapapu ake ali kunsi kwa mimbako. Kenako musiyeni pamdima, pachete. Ena amadzuka pakapita maola, ena zimakhala kuti zachedwa. Ngati ali ndi kabala kotuluka magazi, thirani pabalapo ufa wa cornstarch (sitachi yosalala kwambiri yochokera ku chimanga) pang'ono kuti magazi aume, n'kumupatsa madzi ambiri. Mwendo wothothoka usakudetseni nkhawa kwambiri ngati magazi asiya, umameranso pang'onopang'ono akamafundula.

Za chakudya, gwirizanani lamulo losavuta. Wamkulu adye kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, mwana adye pafupipafupi. Chakudya chisakule kuposa mimba yake. Chimene sanadye chichotsedwe pasanathe maola 24. Akafundula adikire pafupifupi sabata imodzi, wamkulu kwambiri mpaka awiri, chifukwa mano ake amakhala oyera ndi ofewa ndipo ayenera kuda kaye. Nkhululu yanjala imatha kudya kangaude wofewayo ali moyo. Tizilombo totola panja tisaperekedwe, chifukwa simudziwa mankhwala amene tadutsamo. Ndipo ngati mnzanu ali m'gulu la amene amadyetsa tsiku lililonse kuti aonetse alendo mmene kangaude amagwirira, muuzeni kuti mimba yotupa kwambiri ndi imene imaphulika msanga akagwa.

Nkhani ya mankhwala muikambe mosabisa. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, utsi wa makoyilo, ngakhale mankhwala a utitiri odontheza pakhosi pa galu kapena mphaka, zonsezi zimapha kangaude. Wasisita galu wothiridwa mankhwala asambe m'manja asanakhudze kambale ka madzi.

7. Ngati bokosi liyenera kusinthidwa, chitani muli awiri

Konzani bokosi latsopano lonse kangaude asanakhudzidwe: dothi, pobisala, madzi, mabowo a mpweya ang'onoang'ono oti sangatulukirepo. Wa m'mitengo mabowo akhale m'mbali kuti mpweya uzidutsa, ndipo muimike khungwa loti akwerepo.

Tsekani chitseko ndi mawindo, tulutsani ana ndi ziweto zina, tsekani mpata wa pansi pa chitseko ndi nsalu. Gwirirani ntchito pansi, osati patebulo. Mabokosi awiriwo muwaike m'beseni lalikulu kapena pamalo opanda mipando yoti angabisaleko. Tengani kapu yapulasitiki yoonekera mkati, muvindikire kangaude pang'onopang'ono, lowetsani katoni yolimba pansi pake, nyamulani, ikani m'bokosi latsopano, chotsani katoni. Akakana kusuntha, mukhudzeni mwendo wakumbuyo ndi kabulashi. Mnzanu akhale ndi kapu yachiwiri. Akathawa musamuthamangitse ndi manja, amathamanga kamtunda kochepa n'kuima, ndipo pamenepo mumuvindikire.

Musasamutse kangaude amene akufundula kapena wangofundula kumene. Ndipo akafika m'nyumba yatsopano akhoza kukhala pagalasi kapena kukana chakudya kwa masiku angapo. Musiyeni azolowere.

8. Za kumugwira m'manja

Apa mwina ndi pamene mudzasemphane kwambiri, chifukwa ambiri amaweta tarantula kuti azimuonetsa ali padzanja. Kunena zoona, kangaude sapindulapo kanthu. Sazolowera mwiniwake ngati mphaka. Akadzidzimuka ndi mpweya wa m'kamwa mwanu amathamanga, munthu amagwedeza dzanja, ndipo kugwa kuchokera m'chiuno mpaka pasimenti n'kokwanira kumupha.

Munthu nayenso ali pangozi. Ambiri ochokera ku America ali ndi ubweya pamimba umene amaupalasa ndi miyendo yakumbuyo akaopsezedwa. Umayabwa ngati chitedze, ndipo ukalowa m'diso umazikika moti pamafunika dokotala wa maso. Ochokera ku Africa ndi ku Asia alibe ubweya umenewu, koma ndi aliwiro ndipo ululu wawo ndi wamphamvu. Poecilotheria wa ku India ndi Sri Lanka akaluma, munthu amamva ululu woopsa ndi kukokana kwa minofu kumene kumatha masiku angapo. Ngati mnzanu ali ndi mitundu yotereyi m'bokosi losatseka bwino, m'nyumba muli ana kapena anthu ena, kapena amaopseza nawo alendo ngati nthabwala, nkhaniyo yapitirira za kangaude. Pamenepo lankhulani mwamphamvu, ndipo anthu okhala naye ali ndi ufulu wodziwa chimene chili m'nyumba mwawo. Munthu akalumidwa n'kuyamba kutupa kwambiri, kubanika kapena kukokana minofu, apite kuchipatala ndi dzina la kangaudeyo.

Akakakamira kugwira kangaude wa mtundu wofatsa, mupempheni kuti azichita atakhala pansi, dzanja lili pafupi ndi pamalo pofewa, kutali ndi nkhope, ndipo azisamba m'manja asanagwire m'maso.

9. Bwereraninso

Kusintha kwa tsiku limodzi sikukhalitsa. Pakapita sabata funsani mwachisawawa kuti uja wadya kapena wafundula. Muthandizeni kumata kapepala pabokosi lililonse kolembapo dzina la mtundu, tsiku limene anadya ndi limene anafundula. Kuyang'ana madzi m'mabokosi angapo ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo chikumbutso cha pafoni kawiri pa sabata chimakwanira. Akachita bwino muuzeni. Mulimbikitseninso kucheza ndi oweta anzake odziwa, chifukwa zina amazimva bwino zikachokera kwa munthu amene wasunga mtundu womwewo zaka zambiri. Palinso madokotala a ziweto ena amene amaona nyama zachilendo, ngakhale kuti ndi ochepa.

10. Akapanda kusintha

Ngati mwalankhula, mwathandiza, koma kambale kaumanso ndipo wina wafa, yambitsani nkhani yowapereka kwa ena. Muikambe mosamuchotsera ulemu: "Panopa zinthu zakuchulukira. Bwanji utsale ndi awiri amene umawakonda kwambiri, enawa tiwapezere munthu?" Kuchepetsa n'kosavuta kuvomera kusiyana ndi kutaya onse. Ngati inuyo mukufuna kuwatenga, phunzirani kaye za mtunduwo ndipo bokosi likhale lokonzeka, kuti musangosamutsa vuto kuchoka kwa iye kubwera kwa inu.

Musawabe. Mudzataya mnzanu, mukhoza kupalamula mlandu, ndipo iye adzangogula ena amene simudzawaonanso. Musawatayenso kutchire, ndipo mumuletse iye kutero. Kangaude wochokera dziko lina adzafa ndi nyengo yosamuyenera, kapena akapulumuka adzasokoneza zamoyo za kumaloko.

Powapereka kapena kuwagulitsa, fufuzani malamulo a dziko limene mukukhala. Mitundu ina ili pansi pa pangano la mayiko la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, monga Brachypelma ya ku Mexico, ndiponso Poecilotheria imene inawonjezedwa mu 2019, kotero kuwaolotsa malire kumafuna zikalata. M'mayiko ambiri malamulo oteteza nyama ku nkhanza sakhudza akangaude, choncho musadalire kwambiri kuti akuluakulu a boma adzabwera kudzawalanditsa. Komabe mabungwe osamalira nyama ndi magulu a oweta akangaude nthawi zina amalandira otere kapena kukulozerani munthu wodalirika. Wolandirayo mufunseni mafunso omwe aja munafunsa mnzanu: dzina la mtundu, bokosi limene wakonza, ndi kumene azipeza chakudya. Ponyamula, kangaude alowe m'kabotolo koboola koyalamo mapepala ofewa mbali zonse kuti asagubuduzike panjira, ndipo kabotoloko kasasiyidwe m'galimoto yoima padzuwa.